Masamba a Kabichi Ali ndi Eni Ake

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene ndinamuponyera makiyi mwini sitolo imene ndinkagwirako ntchito. Mtima wanga ndi wapachala, sindikana. Amake Tisa, mkazi wanga, anangofunsa ngati kumeneko kulibe anthu okangana nawo.

Ntchito ndinaipeza pa fakitale yogula zotsala za pamsika: masamba a kabichi, makoko a mbatata, zonsezo. Tinkaziduladula, kuziphika ndi nthunzi, kuziyala m'mathileyi, n'kuwazapo mbewu ya chuku. Inde, chuku ngati chomwe timatayira buledi. Chikamamera chimatulutsa timadzi tosungunulira chakudya chake, totchedwa enzaimu. Ife tinkafinya timadzito, ndipo opanga juwisi ankatilimbirana chifukwa timayeretsa juwisi kuti mbee. Ndalama ndinkatumiza, koma zambiri zinkathera lendi. Lamlungu ndinkakhala ndekha m'chipinda, wolankhula naye palibe. Ndikaimba foni kunyumba nkhani inali imodzi: kwathu ku Chipata tikupondaponda chuma!

Pobwerera ndinatsika basi ndi botolo la mbewuyo m'jekete, mtima uli dyokodyoko. Mbewu yotere siichedwa kufooka ikasowa chakudya, choncho kutacha ndinali kale pamsika ndi wilibala. Kuseri kwa benchi ya alamu anga amake Dalitso, ogulitsa kabichi, ndinapeza mulu wa masamba. Ndinayamba kupakira.

"Alamu, kodi ku Joni munakaphunzira kuba?"

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti azindithokoza, ndikuwachotsera zinyalala. Amayi a mabenchi ena anaseka mpaka kugwirana mapewa. Alamu anati mulu uliwonse pamenepo uli ndi mwini wake. Wawowo ndi wa a Zulu oweta nkhumba, amene amawabweretsera mwendo wathunthu pa Khirisimasi.

"Inu mudzandipatsa chiyani? Chuku?"

Ndinabwerera ndi wilibala yopanda kanthu, ndikutukwana njira yonse. Amake Tisa anati mbewu yangayo siidya mkwiyo, ndipite kwa a Zulu ngati munthu. Ndinapita, chipewa kumanja. Ndinawapempha kuti masamba aziyambira kwa ine, ndikafinya azitenga zotsalazo. Anakayika, ati chuku chiwaphera ziweto. Pomaliza analola kuyesera nkhumba imodzi yokalamba.

Nditafinya masamba oyamba ndinaipititsira zotsalazo, ndipo inadya mpaka kunyambita chodyera. A Zulu anaiyang'anira masiku angapo, kenaka anatumiza uthenga kuti ndibwere ndi wilibala.

Lero kuseri kwa nyumba kuli mathileyi oyera ndi chuku. Botolo loyamba la timadzi tija linayeretsa juwisi wa mango ine ndikuona, ndinakuwa mpaka aneba anatuluka. Ndinakulira m'tauni muno, pamsikawo ndinkadutsa tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti ngakhale tsamba lofota lili ndi pangano lake. Masiku ano ndikafika kuseri kwa benchi ya alamu, ndimaimika wilibala, n'kuyamba ndi odi.