Ndinkangofuna Kumva Beringi Ikuzungulira

Inu owerenga, ku Karonga kunali bambo wina amene anakalamba ndi zala zitatu zokha kudzanja lamanja, ndipo ziwiri zinazo zinaduka pondipulumutsa ine. Sindinkadana nawo bambowo. Chimene chinatipweteka ndi chidwi changa, chimene sindinkadziwa pochilekezera.

Kwathu ndi ku Dedza. Boma linanditumiza ku Lupembe, ku Karonga komweko, ndili mbeta, kukaphunzitsa pa pulayimale, makamaka zosoka kwa atsikana. Kuyambira ubwana sindinkakhutira ndi kungoona chinthu chikugwira ntchito. Makina osokera a pasukulu ndinkawamasula asanawonongeke n'komwe, kungofuna kuona chimene chimakweza ndi kutsitsa singano.

Kuseri kwa nyumba za aphunzitsi kunali chisakasa cha a Msiska, amene aliyense ankawatchula kuti a fundi. Iwo ndiwo ankayendetsa ndi kukonza kathirakitala kakang'ono ka kalabu ya alimi a mpunga. Akazi awo, a NyaGondwe, anandilandira ngati mng'ono wawo. Anandiphunzitsa moni wa Chitumbuka ndi kaphikidwe ka nthochi zosakaniza ndi nyama.

Chaka china mvula itayandikira, kathirakitala kaja kanabwera kuchokera kudambo kakulira mokwiyitsa makutu, kakununkha mphira wopserera. Ndinasiya zochapa n'kupita kukaona. A fundi anandilozera chitsulo chobulungira pambali pa injini, n'kunena kuti imeneyo ndi dainamo, yopanga magetsi odzaza batire. Lamba amene amaizunguza ndi yemweyo amazunguza fani ndi mpope wa madzi oziziritsa injini. Tsopano beringi ya m'kati mwa dainamo, kamkombero ka timipira tachitsulo kofewetsa kuzungulira, inali itagwira, dainamo yakana kuzungulira, lamba akungokhulika n'kumapsa. Akanati aduke, injini ikanatentha n'kufa. Alimi ankabwera tsiku ndi tsiku, maso ali kumitambo, kufunsa kuti minda yawo ilimidwa liti.

Ndikaweruka kusukulu ndinkathamangira kuchisakasa. Ndinaona a fundi akuchotsa dainamo, kumasula kagudumu komwe pamadutsa lamba, kenako n'kugogoda beringi pang'onopang'ono mpaka inatuluka. Anaiika m'manja mwanga. Timipira take tachitsulo tinali titada ndi kutentha, girizi atauma n'kusakanikirana ndi fumbi la m'minda. Anainyika m'palafini. Inamasuka ndithu, koma ukaizunguza inkakukuta ngati mpunga wa miyala. A fundi anati imeneyo yatha ntchito. Ku Boma yatsopano kunalibe, choncho anakwera njinga mpaka ku Uliwa, komwe mnzawo anawachotsera ina m'dainamo ya lole yakufa.

Tsiku loiika ndinaona chinthu chimene chimandidabwitsabe. Beringiyo inkakana kulowa pa mtengo wachitsulo wa dainamo. A fundi sanaimenye ayi. Anaifunditsa m'chitini cha oilo pamoto, ndipo atainyamula ndi pulayala inangolowa yokha. Ine sindinkadziwa kuti chitsulo chimafufuma chikatentha. Ataona mmene ndinatong'olera maso, anaseka, n'kundilola kupaka girizi, ati zala za wosoka zimafika pomwe zawo sizifika.

Achinyamata a lero mwina simudziwa kuti masiku amenewo mkazi kuvala buluku kunali kupalamula mlandu. Ovololo sindikanayerekeza n'komwe, poti apampando a chipani ankadutsa njira yomweyo. Ndinali ndi diresi lalitali la kusukulu, ndipo poopa kulidetsa ndinakulunga chitenje pachifuwa n'kuponya nsonga yake paphewa.

Atabwezeretsa dainamo n'kukunga lamba, a fundi anandiuza kuti ndiime kumbuyo, n'kuliza injini. Kulira kokwiyitsa kuja kunatha. Kenako anatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga anaika pa dainamo, chigwiriro n'kuchigunditsa kukhutu, ndipo anamwetulira. Ndinafunsa chimene akumva.

"Lindani dankha, asambizgi," anatero, kutanthauza kuti dikirani kaye, aphunzitsi. "Nditsitse moto wa injini."

Anaika sikuludiraiva pansi n'kutembenuka. Inu owerenga, kudikira kwake kunali kochepa zedi, koma mtima wanga sunapirire. Ndinatola sikuludiraiva ija n'kuwerama monga anachitira iwo. Ndipo ndinamvadi. Pakati pa phokoso lonse la injini, m'khutu mwanga munkamveka kamawu kosalala, ngati madzi oyenda m'ngalande.

Sindinkadziwa kuti fani imakoka mphepo. Inakoka nsonga ya chitenje, lamba n'kuigwira. Ndinangomva khosi langa likukokedwa pansi, nkhope ikulunjika ku fani. A fundi analumpha, dzanja lina n'kundikankha pachifuwa, lamanja n'kugwira chitenje pafupi ndi lamba. Nsalu inang'ambika, ine ndinagwa chagada. Dzanja lawo linalowa pakati pa lamba ndi kagudumu kaja. Mlimi wina amene anali pomwepo ndiye anazimitsa injini.

A NyaGondwe anathamanga kuchokera kukhitchini, n'kumanga dzanjalo ndi duku lawo. Sanandiyang'ane. Thirakitala inali itachira, koma wodziwa kuiyendetsa anali yemwe wavulalayo. Anthu anawakankha a fundi pa njinga mpaka kumsewu, komwe lole ina inawatenga kupita kuchipatala ku Boma. Chala cholozera ndi chapakati sizinapulumuke.

Chaka chimenecho minda yambiri inalimidwa mochedwa, ndi ng'ombe zobwereka, ndipo mabanja ena anakolola mpunga wochepa. Anthu ankanena kuti mkazi pa thirakitala ndi tsoka. Apampando anakadandaula kwa aphunzitsi aakulu, ine n'kumangoyembekezera kusamutsidwa. Koma chimene chinkandiwawa kwambiri ndi a NyaGondwe, amene ankadutsa pakhomo panga ngati palibe munthu.

Ndinazengereza kupita kuchipatala chifukwa cha manyazi. Nditapita, ndinagwada pambali pa bedi, mawu opepesa osatuluka bwino. A fundi anatembenukira kwa ine.

"Tandiuzani, asambizgi, munamva chiyani m'mene muja?"

Ndinawauza za kamawu kosalala kaja, misozi ikutsika.

"Ndiye kuti tinaika bwino," anatero. "Koma ndinati mudikire."

Mawu amenewo anandilasa kuposa zonse zimene anthu ankanena.

Sanandisamutse. Dzanja litapola, a fundi anayambanso kuyendetsa, koma timanati ting'onoting'ono tinkawapulumuka. Munthu amene kale ankamanga nati osayang'ana, tsopano ankaifunafuna m'fumbi. Tsiku lina masana ndinamva odi. Anali a NyaGondwe, atanyamula malaya akale a amuna awo ndi chingwe. Sanamwetulire.

"Valani awa, mumange m'chiuno, chitenje musiye pano. Bambo akufuna zala."

Ndinagwira nawo ntchito Loweruka lililonse mpaka pamene ndinachoka ku Lupembe. Ndinaphunzira zambiri, koma nthawi zonse ndikawapatsira sipanala, maso anga ankagwera pa dzanja lija.

Choncho inu owerenga, makamaka atsikana okonda zamakina, sindikukuuzani kuti musiye chidwi. Funsani, masulani, onani m'kati. Koma injini ikamalira, kaya ndi ya thirakitala kaya ndi ya chigayo, musayandikire lamba ndi nsalu yolendewera, duku lomasuka kapena mkanda. Ndipo amene akukuphunzitsani akati dikirani, dikirani ndithu. Ine ndinkaganiza kuti ngati n'kupweteka ndipweteka ndekha. Sindinaganize kuti munthu wabwino amene waima pafupi nawe sangaonerere, alowetsapo dzanja lake.