Mtchona Wopanda Dzina

Ndikunyamuka kubwera ku Cape Town, amayi sanandipemphe foni kapena malata. Anandituma chinthu chimodzi chokha: ndikawafunsireko kumene kunagona bambo awo, amene anachoka kumudzi amayiwo akukwawa, n'kutchona. Uthenga womaliza unabwera ndi munthu amene anamupatsira bulangete, wakuti akuphika mu hotela ina kuno ku Cape Town, pafupi ndi nyanja. Ndinavomera msangamsanga ngati kuti ndikukafunsa kutsidya kwa dambo. Ndinatsanzika mkazi wanga, mwana wathu wamkazi ali kumsana, n'kukwera basi.

Zaka zinadutsa ndisanafunse aliyense. Munthu wodzuka m'mamawa ku Dunoon kuthamangira takisi alibe nthawi yofunafuna akufa. Anandikumbutsa ndi abwana anga a ku Claremont, mdala amene ndinkamusamalirira maluwa komanso kumuyendetsa pagalimoto. Agogo awo anachokera ku Spain pa sitima ya asodzi, ndipo abwanawo atapuma pantchito anagwidwa ndi matenda ofufuza mtundu wawo. Tebulo lodyera linadzaza mapepala mpaka ankadyera pamwendo. Ankati kwawoko munthu amatenga dzina la bambo ndi la mayi omwe, ndiye ukapeza mmodzi wagwira mabanja awiri. Ndinkawaseka chamumtima: ana awo amoyo sawaimbira foni, koma ali kalikiliki ndi anthu oti anaola kalekale.

Tsiku lina ndinawauza za agogo anga. Anasangalala, n'kutola cholembera, n'kufunsa dzina. Ndinatchula mfunda. Anati ayi, akufuna dzina lenileni. Ine sindinkalidziwa.

Madzulo ake ndinaimba kumudzi. Amayi nawo sankalidziwa. Agogo aakazi mpaka kumwalira sanatchulepo dzina la mwamuna wawo, poti mkazi wolangidwa satero. Ankangoti "bambo ake a mwanayu", kapena "eni ake bulangeteli". Ena onse ankawaitana ndi mfunda, mfunda woti ukaukuwa pamsika anthu ambirimbiri amacheuka. Kwawo kwenikweni palibe amene anakuona, chifukwa anabwera kudzagwira ntchito ku esiteti ya fodya n'kulowa chikamwini. Ife timawerenga mtundu kuchikazi. Mkamwini ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Zinandipsetsa mtima kuti munthu anamulemekeza mpaka kumutaya.

Abwana sanagwe mphwayi. Anapita nane m'tauni ku nyumba yosungirako mapepala akale. Mayi wa kumeneko anatimvera mofatsa, n'kutiuza kuti anthu ambiri ochokera kwathu ankasintha maina kuti apeze chiphaso, choncho ngakhale dzinalo ndikanakhala nalo, mwina silikanathandiza. Tsiku lomwelo abwana anapeza pepala lawo, losonyeza manda amene agogo awo anaikidwa.

Tinapitako Loweruka, mphepo ija ya kuno ikuwomba moti mchenga unkalowa m'mano. Mwala tinaupeza utachita ndere. Mawondo a abwana sankalola kugwada, ndiye ndinagwada ndine ndi bulashi ndi ndowa ya madzi. Ndikukwecha, zilembo zinayamba kutuluka: dzina, lachiwiri, lachitatu, kenako mudzi wa ku Spain kumene munthuyo anabadwira. Mdalayo analira. Ine ndinachita nsanje, sindibisa. Ndinali kutsuka agogo a mwini, anga ndisakudziwa ngati anawaikira ngakhale kamtengo kumutu.

Ndinawasiya akuyankhula ndi mwala wawo, n'kupita kumapeto kwa manda kumene kulibe miyala, kuli mitumbira yophwa ndi tizitsulo tadzimbiri. Pamenepo maganizo oipa anandibwerera. Amayi anali atayamba kudwaladwala. Bwanji ndingojambula mtumbira umodzi, ndiwatumizire, mtima wawo ukhale pansi? Ndinajambuladi. Kenako ndinaimba.

Atangoyankha ndi mawu awo otopa aja, bodza linandikanika. Ndinawauza zonse: kuti dzina palibe, pepala palibe, ndipo ndaima pakati pa anthu osadziwika amene mwina mmodzi ndi bambo awo, mwinanso ayi. Ndinkamva nkhuku zakwathu zikulira kumbuyo kwawo. Ndinalakalaka nditangolowa mufonimo.

"Asiye amenewo, mwana wanga, ndinawalira kale," anatero. "Mwana wako anabwera kudzandiona dzana. Amandifunsa kuti bambo ake ndi aatali kapena aafupi, poti pafoni saona bwino. Ndamuuza. Koma ine ndikapita, azikafunsa ndani?"

Ndinayamba kufotokoza za mapepala anga otha ntchito, kuti ndikatuluka sindidzalowanso, kuti mwina chaka chamawa. Anandilola kumaliza. Kenako anati bambo awonso, pamodzi ndi bulangete lija, anatumiza mawu akuti chaka chamawa.

Ndinafufuta chithunzi chija, n'kubwerera kukatola ndowa. Chaka chimenecho mwana wanga anali sitandade 4, ndipo anali asanaimepo pambali panga.