Denga la a Zainabu

A Zainabu ndinawapeza kale ku Al Hilal, mumzinda wa Doha, m'nyumba yomwe ndinakalowa ntchito. Ine ndinafika mu Januwale 2020, nditasiya Junior wanga wa zaka ziwiri kwa mayi anga ku Balaka. Iwo anali atagwira zaka zisanu ndi zinayi m'nyumba imeneyo. Kwawo ndi ku Machinga, mayi wamfupi, wosadziwa kunong'ona. Ine ndinkaopa chilichonse: belu, madamu, ngakhale foni yanga yomwe.

Ntchito yawo inali kusamalira Mama Fatuma, mayi ake a bwana Hassan. Mayiyu anakulira m'nyumba ya miyala ndi dothi pakati pa Doha wakale, nthawi yomwe kudenga ankayala mikeka asanathirepo dothi. Tsiku lina anaona a Zainabu akuluka masamba a kanjedza wa pabwalo monga timalukira mlaza kwathu. Anawalanda, n'kumasula zonse. Kenako anawasonyeza kalukidwe ka kwawo: kunyika masamba m'madzi, kuwang'amba ndi chikhadabo, kuluka mopingasa mpaka dothi lisapeze pogwera. Chiarabu cha a Zainabu chinali cha kukhitchini, koma manja awo ankamvana. Ankakangana tsiku ndi tsiku, mikeka ikuchuluka.

Korona itavuta, Mama Fatuma anamwalira mu Juni. A Zainabu sanasiye kuluka.

Mu Okutobala kunabwera anthu atatu ovala mamasiki, ochokera ku gulu lokonzanso nyumba zakale za mumzinda uno. Nyumba yomwe anakuliramo Mama Fatuma inali m'manja mwawo, ndipo ankafuna zithunzi zakale. Ine ndinkapereka tiyi. Ndinaona mayi mmodzi mwa iwo, injiniya, akuwerama pakhomo la kukhitchini, n'kutola mkeka womwe tinkavulirapo nsapato. Anautembenuza kawiri.

"Analuka ndani uwu?"

"Ndi wa kumsika," anatero madamu.

"Ndine!" anakuwa a Zainabu ali pa sinki.

M'nyumba muja wantchito sayankha alendo.

Injiniya uja anafotokoza kuti ntchito yokonza denga la nyumba ija inaima miyezi inayi. Amisiri omwe ankawadalira anatsekeredwa kunja ndege zitaima, ndipo amayi odziwa kalukidwe ka kuno anatsala ochepa, okalamba, obindikira kuopa matenda. Anapempha kuti a Zainabu akalowe ntchito kwa iwo.

Bwana Hassan anakana. "Zainabu ndi wa nyumba ino. Khalas, basi."

Kale mawu amenewo akanatseka nkhani. Koma lamulo linali litangosintha kumene: munthu ankatha kusintha ntchito popanda kalata ya chilolezo cha bwana, bola apereke notisi.

Tili kochapira zovala ndinawagwira mkono. "Anti, chonde. Akakanena kuti mwathawa? Atikweza ndege tonse awiri. Junior ndimulera bwanji?"

"Kuthawa? Ndi miyendo iti, make Junior? Iwe unafika Fomu 2, eti? Tiye, tenga foni ulembe notisi. Ukanjenjemera, njenjemera uku ukulemba."

Ndinalemba. Dzina lawo ndinalakwitsa katatu.

Notisi yawo inali ya miyezi iwiri, ndipo miyezi imeneyo inali yaitali. Madamu anasiya kutipatsa moni. Galimoto iliyonse ikaima pageti ndinkasuzumira pakatani kuona ngati ndi polisi. A Zainabu ankakolopa, kuphika, kusita, osasiya kachinthu koti wina awanenere. Nthawi yopuma ankanyika masamba awo m'beseni.

Kenako meseji inabwera pa foni yawo: kusintha kwavomerezedwa. Anapita nayo okha kwa bwana, ine ndikumvetsera kuseri kwa chitseko. Bwana anaiwerenga, kenako anafunsa:

"Mayi anga anakuphunzitsadi?"

"Anandiphunzitsa, ndi kunditukwana komwe."

Ndinamva bwana akuseka, kenako akumina. Sanakanene kwina kulikonse, ndipo ine ndikugwirabe pompo.

Lachisanu lina mu Epulo ndinapempha ofu, ndinakwera sitima ya metiro kukawaona. Nyumba ija ndi yaing'ono, ya makoma okhuthala, yapanikizika pakati pa nyumba zazitali zamagalasi. M'kati mumazizira popanda makina. Ndinayang'ana kumwamba: mikeka yokhayokha pamwamba pa mitengo, kuyambira khoma ili mpaka lija. Pakhomo anaika kachikwangwani kofotokoza za mabanja omwe ankakhala dera limenelo mafuta asanapezeke. Pali dzina la Mama Fatuma, mwini kalukidweko. Pansi pake, m'Chiarabu ndi m'Chingerezi, pali la a Zainabu ndi dziko lathu.

Ndinawapeza pabwalo atakhala pansi, miyendo atatambasula, amayi anayi a konkuno atawazungulira, aliyense ndi masamba ake. Akuti pali nyumba zina ziwiri zikudikira.

"Make Junior! Waima ngati mlendo bwanji? Tulutsa foni, titumize ku Machinga."

Ndinawalozetsa kamera.

"Iwe, jambula denga! Nkhope yangayi akuidziwa kale."