Mlongoti Woyeza Mphepo pa Minda Yathu

Chaka chimene ndinali ndi pakati pa mwana wanga wachiwiri, kunabwera amuna atatu pa landirova n'kuyamba kukhoma zikhomo zofiira pamtunda pamene panali minda yathu. Mudzi wathu uli kuseri kwa Nkando, ndipo mtunda umenewo ndiwo unkatidyetsa: nandolo, chinangwa, kalongonda, ndi chimanga pang'ono chakumunsi. Minda inali ya akazi, monga mwa mwambo wathu. Wanga unali wa malemu mayi anga, ndipo unagundana ndi wa mayi aang'ono amene anandilera.

Amunawo sanalonjere munthu. Patapita sabata anabweranso ndi lole, n'kuimika mlongoti wachitsulo wautali kuposa bulugamu, wokokedwa ndi mawaya anayi okhomerera pansi. Pamwamba pake panali tizikho titatu tomangozungulira osapuma. Waya mmodzi anamukhoma pakati penipeni pa mizere ya mayi aang'ono.

Amene anatimasulira zimenezi anali amuna anga, omwe ankathyola tiyi ku esiteti. Iwo anamva kwa kapitawo wawo kuti kampani ina ikuyeza mphepo, ndipo ikaona kuti ndi yokwanira idzadzaza mtunda wonsewo ndi makina akuluakulu a mapiko, opopa madzi ndi kupanga magetsi a ku fakitale. Ife akuti adzatipatsa malo ena, koma kumene kunali malowo ngakhale kapitawoyo sankakudziwa. Mphepo pamtunda paja inalipodi. Nthawi ya chiperoni inkavula munthu duku, moti tinadziwiratu kuti tizikho tija tidzawauza zimene akufuna kumva.

Masiku amenewo munthu wokana chitukuko ankatchedwa woukira boma, ndipo tinkadziwa nyumba zimene abambo ake anatengedwa osabwerera. Ife tinali ndi mantha enanso apadera. Makolo athu anachokera ku Mozambiki. Mayi aang'ono anabadwira komweko, anawoloka malire ali pamsana, ndipo Chichewa chawo chinkamveka Chilomwe mpaka kukalamba. Amuna a m'mudzimo ambiri ankagwira ku esiteti, choncho nkhaniyi ikayamba ankangoyang'ana pansi. Amfumu, munthu wofatsa ndi wodwaladwala, anati zachokera kumwamba, iwo alibe pogwira.

Maganizo olemba kalata anabwera ndi mayi aang'ono, tikukolola nandolo. Anati kukana ndi pakamwa n'koopsa chifukwa mawu amasinthidwa m'njira, koma pepala limanena zomwe walemba basi. Akazi onse anatembenukira kwa ine, poti ndine ndinafika Sitandade 7. Ndinayesa kuzemba, ndinati dzanja langa ndi loipa, koma sanandilole. Mawa lake ndinabwera kumunda ndi pepala long'amba m'kope ndi bolopeni, nditazibisa m'dengu pansi pa chitenje.

Ndinalembera pabondo, pansi pa mtengo wa mango. Theka la kalatayo linali lothokoza boma chifukwa cha mtendere, misewu ndi sukulu. Kumapeto kwake ndi kumene ndinalemba kuti ndife amayi osauka, sitikukana chitukuko, koma tikupempha kuti makinawo akawaimike pamalo posalimidwa, chifukwa pamtundapo pali chakudya cha ana athu ndi manda a makolo athu. Tinathyola bolopeni ija n'kufinyira inki pa tsamba la nthochi kuti aliyense adinde chala. Ena atatu anati akukatunga madzi, sanabwerenso. Mayi wina atadinda anayamba kukhula chalacho ndi mchenga mpaka chinatuluka magazi.

Kalatayo tinakapereka ku boma, ine ndi mayi aang'ono. M'basi monse ndinkaona ngati aliyense akudziwa chimene ndapinda pachifuwa. Kalaliki amene tinamupeza pa ofesi anaiwerenga kawiri, n'kundifunsa kuti walemba ndani. Ndinavomera kuti ndine. Anandiyang'ana pamimba, kenako anatsitsa mawu.

"Mayi, ndikaidinda iyi siibwereranso m'manja mwanu. Ndidinde?"

Mayi aang'ono ndiwo anayankha kuti adinde. Anadinda, n'kulemba dzina langa ndi la mudzi wathu m'buku lalikulu.

Kuyambira tsiku limenelo sindinkamvanso galimoto ngati kale. Ikangolira kumsewu, ndinkasiya chilichonse n'kukaima kuseri kwa nkhokwe mpaka phokoso litatha. Amuna anga sanandikalipire. Anangonena kuti ndikanawauza kaye, chifukwa kapitawo wawafunsa pamaso pa anzawo ngati m'nyumba mwawo muli mwamuna. Kuchokera pamenepo ankadya pang'ono n'kusamba m'manja msanga.

Patatha milungu itatu, wapampando wa chipani m'dera lathu anaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu. Anyamata ake anaima pakhomo kuona makhadi a chipani, ndipo ena tinaona kuti akutiyang'ananso m'manja. Akazi onse tinapisa manja m'zitenje, ngakhale inki inali itatha kalekale. Wapampandoyo sanatchule dzina la munthu. Anati wamva kuti m'mudzi muno muli amayi ophunzira kwambiri kuposa boma. Kenako anayang'ana mbali imene tinakhala.

"Ena a inu munabwera kuno ndi mitolo pamutu. Njira imene munadzera ija sinatsekedwe. Ndipo amene adzakhudze chitsulo chija, ngakhale ndi khasu, asadzati sindinanene."

Tinaomba m'manja tonse, ine ndemwe. Pobwerera palibe amene anayenda nane limodzi, kupatula mayi aang'ono.

Mvula itayamba tinadzala monga mwa nthawi zonse, poti palibe anatiletsa. Mayi aang'ono ankalima molambalala waya uja, kusiya malo aakulu ngati mphasa osagwirapo, ndipo udzu wa pamenepo ankauzula ndi manja. Mu Januwale inagwa mvula ya masiku anayi osakata. Tsiku lachinayi masana kunabwera chimphepo chochokera kuphiri chimene chinasasula madenga angapo. Tili m'nyumba tinamva chinthu chikugwa kumtunda, nthaka n'kugwedezeka.

Mvula itakata tinakwera kukaona. Mlongoti unali utagona pa chimanga, utapindika pakati, tizikho tija titamwazika m'matope. Mawaya atatu anali chikhomereni. Amene anazuka anali yemwe uja wa m'munda mwa mayi aang'ono.

Sindikumbuka kuti tinaima nthawi yaitali bwanji. Ndimakumbuka kuti mwana anandiponda m'mimba ndipo ndinakhala pansi m'matope momwemo. Mayi wina anati tithawire kwa abale ku Phalombe kusanade. Wina anati tikhomerenso wayayo kuti zioneke ngati chitsulo chathyoka chokha. Mayi aang'ono anakana zonsezo. Anati pasapezeke wogwira kanthu, dzenje limene wayayo wazukamo likhale mmene lilili, ndipo akazi awiri atsale pomwepo kulondera kuti wina asabe waya. Iwo ndi ine tikanene tokha, asanatinenere ena.

Kwa wapampando sanatiyalire mphasa. Anatimvera titagwada pabwalo, n'kunena kuti ankayembekezera zimenezi. Anyamata ake awiri anatiperekeza wapansi mpaka ku Nkando, mmodzi kutsogolo wina kumbuyo, anthu a pamsika akutiyang'ana n'kutembenuka msanga. Kumeneko anatikweza galimoto ya ku boma n'kukatisiya kupolisi.

Tinakhalako masiku awiri. Sanatimenye. Ankandiitana ndekha m'kachipinda n'kundifunsa mafunso omwewo: ndani anandituma kulemba, kodi kutsidya ku Mozambiki ndili ndi abale, kodi amabwera kudzationa, ndani anakumba pawaya. Anandipatsa pepala kuti ndilembe dzina langa katatu, n'kumalifanizira ndi kalata ija, ngakhale ndinali nditavomera kale. Chimene chinkandiopsa kwambiri chinali chakuti ndidzachirira m'menemo, mwana n'kubadwira pasimenti. Mayi aang'ono anavula chitenje chawo chakunja n'kundiyalira, iwo n'kukhala chotsamira khoma.

Tsiku lachitatu anatikweza landirova pamodzi ndi wapolisi ndi bambo wina wa kukampani, wovala majombo, kupita kumunda kuja. Akazi olondera aja anali akadali pomwepo, atasinthanasinthana, ndipo wapampando anali atafika kale. Bambo wa majomboyo anazungulira mlongotiwo, ananyamula chikhomo cha waya chimene chinazukacho n'kuchiyeza ndi mkono wake, kenako anagwada n'kupisa dzanja m'dzenje mpaka m'chigongono. Linatuluka ndi phala la matope. Anapukutira m'udzu, n'kuuza wapolisi kuti chikhomocho n'chachifupi, ochikhoma sanathire simenti, ndipo m'nthaka yonyowa chotero chikanazuka ngakhale popanda munthu.

Wapampando anati komabe amayiwa ali ndi mtima woipa. Wapolisi anayankha kuti iye watumidwa za chitsulo, n'kutiuza kuti tizipita kwathu. Ndinafuna kuthokoza bambo uja koma anali atalowa kale m'galimoto.

Ndinachira patatha milungu itatu, mwana wamkazi. Mvula itatha lole inabwera kudzatola zitsulo zija, ndipo sanaimikenso china. Palibe amene anatiuza chifukwa chake. Ena ankati kalata yathu inafika kwa munthu wachifundo, ena ankati kampaniyo inapeza malo ena. Yankho la kalatayo sitinalandire, ndipo palibe analimba mtima kukafunsa.

Mayi aang'ono anatuluka kupolisi kuja ndi chifuwa chimene chinawagoneka mpaka nthawi yokolola, moti minda yonse iwiri ndinakolola ndine, mwana ali kumbuyo. Nyengo yothyola tiyi itabweranso, dzina la amuna anga silinaitanidwe ku esiteti. Anapita masiku asanu kukaima pageti, kenako anasiya. Anakapeza ganyu ku Likhubula, yonyamulira alendo katundu kukwera phiri, ndipo ankabwera kunyumba kamodzi pa mwezi, mapewa atasupuka. Anagwira ntchito imeneyo zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka mawondo atayamba kuwavuta.