A Kamwendo akweza chikwangwani

Lolemba lapitali foni ya ku ofesi kwathu inalira, ine n'kuyankha. Anali mayi wina amene anali atangotsika ndege pa Chileka, mawu ali m'mwamba: "Dalaivala wanu ali kuti? Ndayang'ana ponseponse, basi ndakwera takisi!"

Kampani yathu ndi yaing'ono. Timatenga alendo pa bwalo la ndege n'kukawatula kumene akupita, ndipo ine ntchito yanga ndi yoyankha foni. Dalaivala amene tinatuma tsikulo anali a Kamwendo, bambo a kwathu ku Lirangwe, amene akadali m'miyezi yoyeserera ntchito. Pabwalopo analipo ndithu, anafika ndege isanatere. Koma aka sikanali koyamba kuti mlendo awaphonye, ndipo bwana wamkulu sanachulukitse mawu: "Zikachitikanso, Lachisanu asiye makiyi."

A Kamwendo ali ndi ana kusekondale, ndipo ntchito imeneyi anaifuna nthawi yaitali.

Amene amayang'anira madalaivala ndi Mayi Makwinja. Iwo sanawaitanire a Kamwendo mu ofesi. Lachiwiri anapita okha kubwalo, n'kukaima patali kuti aone ndi maso awo. Anapeza a Kamwendo ataima kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa a takisi ndi anthu odikira abale awo. Chikwangwani cholembedwa dzina la mlendo anachigwira ndi manja awiri pamimba, maso ali pansi. Mlendo wa tsikulo akanawaphonyanso, mayiwo ndi amene anachita kumukodola.

Anzanga atamva anaseka, koma ine sindinaseke. Kwathu sudutsa kutsogolo kwa anthu amene wawapeza ataima kale. Mlendo sumutong'olera maso ngati ukufuna ndewu. A Kamwendo sankachita ulesi, ankapereka ulemu.

Lachitatu m'mawa Mayi Makwinja anatiitana kuseri kumene timatsukira magalimoto. Ine anandipatsa sutikesi yopanda kanthu kuti ndikhale mlendo. Iwo anaima pambali pa a Kamwendo, phewa ndi phewa, ngati anthu olima mizere yoyandikana.

"A Kamwendo, achimwene anu akamabwera kuchokera ku Joni, inu n'kuwaona potero ndi katundu, mumatani?"

"Aa, mayi, ndimathamanga kukawachingamira."

"Simubisala kuseri kwa nkhokwe?"

"Kuseri kwa nkhokwe? Si angati ndawakwiyira!"

"Nanga alendo athuwa anakulakwirani chiyani?"

A Kamwendo anaseka mpaka kugwira bondo. "Ndiye kuti pabwalo paja ndi pakhomo panga?"

"Mlendo wanu akamatuluka, ndi pakhomo panu. Tiyeni, achimwene anu ndi awo akubwerawo."

Ndinayenda ndi sutikesi yanga, manyazi atandigwira. A Kamwendo anakweza chikwangwani mpaka pachifuwa. A Bonongwe, dalaivala wakale amene pakamwa pawo sipauma, anakuwa ali pa payipi ya madzi: "Kwezani, madala! Si mbale ya chopereka imeneyo!"

Tinabwereza kangapo. Mayi Makwinja sanakalipe ngakhale pang'ono. Ankangofunsa kuti, "Inu mwaona bwanji? Pavuta pati?" Pomaliza a Kamwendo anandilanda sutikesi ija mwachangu, akuti, "Takulandirani, mwayenda bwanji?" moti ndinangotsala pang'ono kuwauza za ku Joni kumene sindinapiteko.

Tsono, owerenga anga, ndiloleni ndinene maganizo anga, ngakhale sukulu yanga ndi ya kumudzi ndipo za utsogoleri sindinaphunzire.

M'makampani ambiri munthu akalakwitsa, amamuitanira mu ofesi. Bwana ali uko kwa tebulo, iye ali kuno. "Wamva?" "Ndamva, bwana." Wamvadi? Ife a ku Lirangwe, ku Mdeka kapena ku Madziabango tingamuuze bwanji wamkulu kuti sitinamve? Timavomera, n'kukalakwitsanso chomwecho. Kenako amati ndife osadzipereka, uchimidzi watichuluka.

Ena amatengera antchito kuhotela, kukadya nkhuku ndi kumvera mlendo akuwauza kuti asinthe kaganizidwe. Sindikunyoza, mwina zimathandiza. Koma kodi mlendoyo anakaimapo patali n'kuona mmene wantchitoyo amagwirira chikwangwani chake?

Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mayi Makwinja anadekha, anaona, kenako anafunsa. Sanachotse kalikonse mwa a Kamwendo. Anangowakumbutsa kuti kumudzi komwe kunawaphunzitsa kuyang'ana pansi kunawaphunzitsanso kuthamangira mlendo. Pamenepa ndi pamene ndikunyadira. Mankhwala ake sanachokere kutali, anachokera kwathu komwe.

Lachinayi masana ndege inatera. Ine ndinali pampando wanga ku ofesi, ndikudikira foni. A Bonongwe, amene analinso kubwalo kukatenga wawo mlendo, anabwera ndi nkhani: "Madala aja lero anali kutsogolo penipeni, chikwangwani pamwamba pa mutu. A takisi amachita kuwapatsa njira!"

Lachisanu mlendo wa a Kamwendo anaimba. Anali bambo wachikulire wochokera ku Lilongwe. Anati pobwerera akufuna dalaivala yemwe uja, "amene anandilandira ngati mlamu wake." Uthengawo ndinakaupereka ndekha kwa bwana wamkulu, ndipo aka kanali koyamba kuti ndigogode pachitseko chawo osaitanidwa. Anamvetsera, n'kunena kuti, "Auzeni a Kamwendo Lolemba alawirire, kuli alendo a ku Zomba."

Madzulo ake tinakwera minibasi imodzi kupita ku Lirangwe. A Kamwendo anagula chinangwa chootcha, n'kundibenthulira chachikulu.

Inu mabwana amene mukuwerenga, wantchito amene mukufuna kumulanda makiyi sabata ino, munayamba mwaimapo pambali pake n'kumufunsa mmene amachitira kwawo?