Miyendo Itatu ya Malemu Doeke

A Tjalling Bouma anali munthu wosakhala pansi, ndipo sindikukokomeza. Zaka zonse zimene ankatchetcha udzu pa khoma lalikulu ladothi lotchinga nyanja kwathu kuno, buledi wamasana ankadya choimirira, ndipo kutchalitchi ankaima kumbuyo pafupi ndi chitseko. Ankati mpando ndi wa anthu amene atsanzikana kale ndi dziko. Ndakhala nawo moyandikana kuyambira ndili mtsikana, moti mawu amenewo ndinawamva mpaka kundikola.

Akazi awo atamwalira, chimene chinawatsalira ndi mbalame. Chisanu chikamatha ankakwera pakhoma kukadikira magrutto, mbalame za milomo italiitali zija zimabwera kudzaikira mazira m'madambo odyetsera ng'ombe. Ankaziona ndi magalasi oonera patali ogwira m'manja, akalekale osupuka penti.

Kenako manja anayamba kunjenjemera. Poyamba ankanamizira kuzizira, kenako khofi. Adokotala atawauza dzina la matendawo, sanauze munthu. Ine ndinadziwira pakhoma pomwepo, nditawapeza magalasi ali lende pachifuwa, akungoyang'ana dambo ndi maso okha.

"Zabwera?" ndinafunsa.

"Kaya, Aukje. Ndikati ndiyang'ane, dambo lonse likumavina. Sindikudziwa ngati ndi mbalame kapena ndowe za ng'ombe."

Zinandipweteka kwambiri. Ndinawauza kuti mankhwala ake ndi telesikopu, chifukwa imaima pa miyendo yake itatu, sisowa kugwira. Anaseka monyoza, amvekere yatsopano si ya munthu wodyera penshoni ya wotchetcha udzu. Koma mlamu wanga anamva kuti kutauni ya Harlingen kuli mayi wamasiye, a Hiske, amene akugulitsa ya malemu amuna awo, a Doeke. Ndinawatengera a Tjalling kumeneko pagalimoto.

A Tjalling anaifufuza telesikopu ija ngati munthu wogula ng'ombe. Anaunika ndi tochi m'galasi kuti aone ngati mwachita nkhungu, anapukusa koikira maso kumvera ngati kakukhulana, mpaka anainunkhiza. Anakhutira. Mtengo wake unalinso wachifundo.

"Koma miyendo yakeyo, bambo..." anayamba a Hiske.

"Miyendo ndi miyendo, mayi. Ine ndabwerera galasi."

Mawa lake pakhoma ndi pamene tinadziwa zimene mayi aja ankafuna kunena. Miyendo inakana kutalika. Mchere wa m'nyanja unali utadya zomangira zake mpaka kugwirana, ndipo poyang'anira pankangowafika pamchombo. Anakoka, anathira oyilo, anatukwana. Atawerama kuti ayang'ane, anatsamira telesikopuyo ndi dzanja, nayonso n'kuyamba kuvina.

Ndinabwerera ndekha kwa a Hiske, nditapsa mtima, kuti ndikawafunse chifukwa chake anagulitsa chinthu cholumala kwa munthu wodwala. Sanakwiye. Analowa m'chipinda n'kutuluka ndi kampando kopinda, nsalu yake yofwifwa.

"A Doeke anali ndi matenda omwewo, mwanangu. Ndinawazindikira anzanuwo akungotenga kapu. Zaka zawo zomaliza ankaonera mbalame chokhala, n'chifukwa chake miyendoyo inaumira pomwepo. Ndimafuna ndiwapatse kampandoka tsiku lija, koma sanandilole kumaliza."

Ndinachita manyazi. Nditakafikitsa kampandoko, a Tjalling sanakakhudze n'komwe.

"Ndinagula telesikopu, Aukje, osati bokosi la maliro."

Kanakhala m'galimoto mwanga masabata angapo. Telesikopu nayo inangoima pabalaza pawo, yofunditsidwa thaulo. Nthawiyo n'kuti udzu wa m'madambo ukutalika, alimi akukonza mathirakitala oti akautchetchere. Magrutto sachedwa kwathu kuno. Ana akangoyamba kuuluka, ulendo. Ndipo tonse awiri tinkadziwa, ngakhale sitinkanena, kuti za chaka chamawa panalibe akanalonjeza.

Tsiku lina ndinalephera kuugwira mtima. Ndinawapeza akuthirira mbatata kuseri, madzi ambiri akutayikira pansapato.

"Ndikuguliranitu miyendo ina yaitali," ndinatero.

"Sindine wopemphapempha."

"Chabwino. Komanso ngakhale ikanatalika, mawondo anuwo akugwedera, mutu ukugwedera. Mukuganiza kuti sindiona? Mbalamezo zipita musanazione, chifukwa cha matama basi. Nanga zikudziwa kuti munthu waima kapena wakhala?"

Anangopitiriza kuthirira mbatata zawo. Ndinapita kwathu ndikudziona ngati ndamenya munthu wogwa kale, ndipo masiku awiri sitinapatsane moni.

M'mawa wina anagogoda pakhomo panga, telesikopu ili paphewa.

"Kanthu kaja kadakali m'galimoto?"

Sanakatchule dzina. Pakhoma ndinakatambasula, ndinaimika miyendo itatu ija, n'kuloza galasi kudambo. Anaima nthawi yaitali akukayang'ana kampandoko. Anthu awiri anadutsa panjinga, a Tjalling anadikira kuti apitirire. Kenako anakhala, pang'onopang'ono, ngati munthu wolowa m'madzi ozizira. Poyang'anira panafika ndendende padiso pawo. Manja anawapanira pakati pa mawondo, n'kusendeza nkhope.

Ndinayamba kuopa kuti mbalame zapita kale.

"Laima," anatero motsitsa mawu.

"Chiyani?"

"Dambo. Laima. Pali imodzi pamtengo wa mpanda, ndikuona mpaka diso lake. Ndipo m'udzumo muli ana."

Ndinatembenukira kunyanja kuti asaone nkhope yanga. Anakhala pamenepo mpaka khofi wa m'fulasiki anazizira.

"Doeke uja anali munthu wotani?" anafunsa, diso lidakali pagalasi.

"Akuti anali wamakani."

Anangogwedeza mutu. Itakwana nthawi yobwerera anayesa kudzuka, mawondo anakana. Sanatukwane. Anandiyang'ana, n'kutambasula dzanja lonjenjemera lija kuti ndiwagwire.