Mboni ya pa Mzere wa Ufa

Anthu okhuta amakonda kunena kuti chinthu chofunika munthu saiwala. Ndikawamva akutero ndimalakalaka kuwathira madzi otsukira mbale. Sanaimepo pa mzere wa ufa ku Matero zaka zija zimene m'masitolo munkangokhala mashelefu ndi fumbi, pamene mphekesera yoti lole ikubwera inkadzutsa komboni yonse ngati maliro. Ine ndinaimapo, ndipo ndinaiwala munthu wathunthu, wa miyendo iwiri, amene anali kutsogolo kwanga penipeni.

Mzere unali ndi lamulo lake. Munthu sungaime kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka osachokapo, pali chimbudzi, pali mwana, pali moto umene wausiya pa mbaula. Ndiye ukafuna kuchoka umauza amene ali kumbuyo kwako kuti akusungire malo. Ameneyo ndiye mboni yako. Ukabwerako iye n'kunena kuti inde anali pano, walowa. Akanena kuti sakukudziwa, palibenso mlandu, uzipita kumchira. Ena ankasiya mwala kapena chitini, koma mwala sulankhula, ndipo anthu ankangoukankha ndi phazi.

Tsiku limenelo kunyumba kunali apongozi anga, amayi a mwamuna wanga, amene anachokera ku Katete kudzaona chipatala n'kungokhalitsa. Ufa unali utatha dzulo lake. Potuluka anandiimitsa pakhomo n'kundipatsa mndandanda wa pakamwa: sopo, mchere, machesi, palafini, singano yosokera pamanja, ndi mankhwala a mutu. Pepala ndinalibe, ndipo ndinkadziwa kuti ndikaphonya chimodzi adzauza mwana wawo kuti anakwatira mutu wa nkhuku. Anali atanenapo kale kawiri. Ndiye njira yonse, ndi pa mzere pomwe, milomo yanga inkangoyenda: sopo, mchere, machesi, palafini, singano, mankhwala.

Ndakalamba tsopano, ndipo ndinazindikira mmene mutu umagwirira zinthu za pompopompo. Uli ngati dzanja la munthu wogula tomato alibe jumbo. Anayi, asanu, umagwira. Akakuikira wina, mmodzi amagwa, ndipo sumva kugwa kwake. Chimene ukuchibwereza m'kamwa chimakhala. Chimene wangochigwedezera mutu maganizo ali kwina chimadutsa osakhala pansi n'komwe. Palibe amene anandiphunzitsa zimenezi, ndinaziphunzira pa msana wa munthu wina.

Chakumasana lole inafika. Mzere unasweka nthawi yomweyo, aliyense kuthamangira kuchitseko, ndipo alonda a pasitolo anatulutsa zikoti. Ine chinandipeza paphewa. Patapata wanga mmodzi anatsala pansi pa mapazi a anthu, ndinachita kumufukula. Fumbi litatsika tinayambanso kufola, aliyense akuitana mboni yake, ndipo ine ndinapezeka kumbuyo kwa bambo wina wa chipewa. Ndinawerenga mitu ya kutsogolo, ndinayang'ana matumba amene ankatsitsa, ndipo ndinaona kuti ndili pamalire. Munthu mmodzi wowonjezera akanatha kundidyera ufa.

Pamenepo ndi pamene anafika mayi uja, akupuma mwawefuwefu, bulauzi itanyowa mkaka pachifuwa. Analowetsa phewa pakati pa ine ndi bambo wa chipewa ngati akulowa m'nyumba mwake.

"Zikomo amai, nabwela," anatero.

Ndinamubweza ndi chigongono. "Mwabwela kuti?"

"Pamalo panga. Si ndimwe ninauza kuti niyenda kuyamwisa mwana, munisungileko?"

Ndinafufuza m'mutu mwanga moona mtima. Ndinapezamo sopo, mchere, machesi, ndi kuwawa kwa chikoti. Mayi ameneyu munalibe. Ndipo anthu a bodza lotere analipo ambiri, ankadikira chisokonezo n'kubwera ndi nkhani ya mwana. Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu.

"Ine sinikuzibani," ndinatero mokweza kuti onse amve. "Pano sipanali muntu."

"Amai, ninakupasani na nshawa. Munalandila na kwanja kwanu."

Nshawa ndi mtedza, mmene timanenera kwathu. Ndinaseka, kuseka koipa kumene ndimakumvabe. Ndinatambasula manja onse awiri kuti anthu aone, ndinatsegula ndi pakamwa pomwe. "Onani nshawa zanu izi. Kuchokela dzulo sininaike kantu mukamwa. Ngati boza yanu ni yakudya, kadyeseni bana banu."

Mayi uja anafunsa bambo wa chipewa, koma iwo anati samayang'ana kumbuyo. Lamulo linali lomwelo, mboni ndi wa kumbuyo. Amayi a kumbuyo kwanga anayamba kukuwa kuti achoke, wina anamukoka chitenje, ndipo mlonda anangoloza kumchira ndi chikoti. Mayiyo sanalire. Anapita pang'onopang'ono, akukonza chitenje, ndipo ine mumtima ndinati wakuba wachepa ndi mmodzi.

Ufa unatha ine nditangotenga langa. Mayi amene anali kumbuyo kwanga anabwerera chimanjamanja, ndipo chitseko anatseka pamaso pake. Thumba limene ndinasenza linali lomaliza, ndiye ngati mayi wa mkaka uja akanalowa kutsogolo kwanga, likanakhala lake. Ndinamupeza ataima pa mpanda, manja ali m'khwapa. Ndinayang'ana kumbali, koma mawu ake anandipeza.

"Mukadye bwino, amai."

Ndinamutukwana mpaka pa msewu. Pamsika ndinagula sopo, mchere, machesi, palafini, singano ndi mankhwala, chilichonse osaphonya, ndipo ndinafika kunyumba ndikudzimva ngati msilikali. Apongozi ndi mwamuna wanga, amene fakitale inali itamubweza sabata imeneyo chifukwa kunalibe zipangizo, anakhala panja pamthunzi. Ndinawafotokozera za wabodza uja ndikuchita kutsanzira mawu ake. Kenako ndinafuna kiyi wa kabati, amene ndinkamumangirira pa nsonga ya chitenje. Nsonga imodzi inali ndi kiyi. Nsonga inayo inalinso ndi mfundo, ndipo sindinkadziwa kuti ndi ya chiyani. Nditamasula, mtedza wokazinga unagwera pa simenti n'kumwazika.

Mfundoyo inali yanga. Palibe wina amene amamanga choncho, kupinda kawiri n'kulowetsa nsonga pansi. Manja anga analandira, anamanga, mwina ndi pakamwa panathokoza, pamene mutu unali kalikiliki ndi singano ya apongozi. Ndinadikira kuti mwina tsopano chithunzi chibwera, mayi akutembenuka, akunditambasulira dzanja. Sichinabwere, ndipo mpaka lero sichinabwere.

Mwamuna wanga anaseka mpaka kutsokomola. Apongozi anatola mtedzawo umodzi umodzi, anaupukuta pa chitenje n'kuyamba kutafuna ndi mano awo atatu. "Ndinanena ine," anatero, "mutu wa nkhuku." Ndinawada tsiku limenelo kuposa masiku onse, iwo ndi singano yawo, ndi mwana wawo, ndi lole, ndi onse amene anatisandutsa agalu olimbirana fupa. Koma sindinanene kuti tibweze thumba. Iwonso sananene. Ndinatsegula, ndinaphika, ana anga anadya.

Ena ndikawauza nkhaniyi amanditonthoza kuti sichinali cholinga changa. Amenewo ndiye amandikwiyitsa kwambiri. Cholinga changa mwana uja sakanachiyamwa. Ndipo pali funso limene sindilikonda: zikanakhala kuti matumba anali ambiri, kodi ndikanafufuza m'mutu mwanga nthawi yaitaliko? Kodi dzanja langa likanafika pa nsonga ya chitenje? Ndinayang'ana kamodzi kokha, mwachangu, ndipo ndinasangalala nditapeza mulibe kanthu.

Ndinaimabe pa mzere umenewo zaka zingapo. Munthu akandisiyira malo ndinkamugwira mkono, kumuyang'ana mpaka achite manyazi, n'kunena mokweza mtundu wa duku lake katatu. Ankandiyesa wamisala. Mayi uja ndinamufunafuna ndi maso, koma ndikanamudziwa bwanji? Pa mkangano wonse uja ndinkayang'ana chitseko ndi matumba, iye ndinangoona mkaka wa pa bulauzi. N'kutheka kuti anaima pafupi nane kambirimbiri, ku chigayo, ku mpopi, mu minibasi. Ine ndikanamudutsa ngati mtengo. Iye ankandidziwa bwinobwino.